Mkamwini Wotola Phulusa

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, dzina lake Kanyumbu. Ndiye anabereka agogo anga a Elube. Sanali wa kuno iyeyu, anali mkamwini.

Ali mnyamata anakagwira ntchito kutali, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kufupi ndi phiri limene amati linasanza moto makedzana. Ankasimba kuti dothi la kumeneko ndi phulusa lokhalokha, lotuwa, lopepuka, ndipo amisiri akalisakaniza ndi dongo, njerwa zake sizing'aluka. Anthu kuno ankangoseka. Ati phiri kusanza, linadya chiyani?

Ndiye mkazi wake anamwalira, n'kumusiya ndi mwana mmodzi, Elube uja, atangotha msinkhu. Maliro atatha, a Jeputala, mlongo wa malemuwo, anamuitana.

“Alamu, mwambo mukuudziwa. Mwana ndi wathu. Inu takusudzulani, muzipita kwanu.”

“Ndamva, alamu,” anatero Kanyumbu. “Koma nyumba ija ikugwa. Mundilole chilimwe chimodzi chokha, ndimumangire mwana pogona.”

Anamulola, koma mokoka milomo.

Dothi lathuli mukulidziwa, ndi makande. Anaponda, anaumba, anayanika. Dzuwa litawomba, njerwa zonse zinang'aluka ngati zidendene. Anaumbanso, zinang'alukanso. Apo m'pamene anakumbuka za kuphiri kuja. Nanga kuno phiri losanza moto akanalipeza kuti? Anati phulusa ndi phulusa, ndiyese la pamoto. Anathira la pamafuwa pake, njerwa khumi zinauma bwinobwino osang'aluka. Koma munthu wophika kamodzi patsiku angapeze phulusa lochuluka bwanji? Anatenga dengu, n'kuyamba kuyenda dzala ndi dzala, kutola phulusa limene amayi ataya.

Apa ndiye panalakwika. Inu ana a lero simungamve. Masiku amenewo phulusa la pamoto pako linali ngati dothi la paphazi pako, wolitenga ankati akufuna moyo wako. Mwana wa nyumba ina atadwala malungo, anthu sanafunsenso kawiri. Amayi anayamba kukataya phulusa kumtsinje. Moni anamumana. Elube anamutenga kukakhala kwa amalume ake.

Kanyumbu analankhula? Analankhula, koma ndani amamvera mkamwini wosudzulidwa? Naye anali wouma mutu, ine sindimuikira kumbuyo. Akanasiya, bwenzi atamukhululukira. Iye anapita kumunda, kukatentha mapesi ndi zitsononkho, n'kumasenza phulusa lake yekha. Kutunga madzi yekha, kuponda dothi yekha, kunyamula chikombole yekha. Inu mukamaponda dothi mumakhala asanu, nyimbo ili pakamwa, thobwa lili pambali. Iye ankangomva mapazi ake m'matope. Ndikaganiza zimenezi, mpaka lero mtima umandiwawa.

Tsiku lina Elube anapatuka pochokera kuchitsime.

“Bambo, bwanji osangosiya? Anthu akuti ndinu mfiti.”

“Iwe ukuti bwanji?”

“Ine sindikutero.”

“Basi, zandikwanira. Ndikasiya, udzagona kuti ine nditapita? Thamanga, asakuone.”

Anaotcha njerwa zake, anamanga, anafolera. Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, ananyamula mphasa ndi khasu lake, n'kunyamuka dzuwa lili pamutu. Anthu anali m'makonde, akumuona. Palibe anadzuka kumuperekeza, ngakhale kufika pamphambano pokha. Elube amalume ake anali atamutuma dala kudimba. Pobwera anapeza chitseko chatsopano chomangidwa ndi luzi, mwini wake kulibe.

Nyumba ija inakhala, ana inu. Chaka cha mvula yoopsa, nyumba zomata zitasungunuka, a Jeputala omwewo anagona m'menemo ndi banja lawo lonse. M'mawa mwake anagogoda khoma ndi chala. Kenaka anatuma anthu awiri kwawo kwa Kanyumbu kuti akamutenge. Anakapeza manda ake atamera kale udzu.

Agogo anga anaberekera ana asanu ndi awiri m'nyumba imeneyo, inenso ndinabadwira momwemo. Atakalamba, tikawafunsa za bambo awo, sankanena za njerwa. Ankangoti, “Sindinawaperekeze.”

N'chifukwa chake pabanja pathu pano phulusa sititaya, timathira m'dothi la njerwa. Koma chachikulu n'ichi. Mukaona munthu akuponda dothi yekha, kaya ndi mkamwini, kaya amunenera zotani, musayambe mwafunsa kwa anthu. Pindani zovala, lowani m'matopemo.