Lamulo Limene Lonjezo Ankalilambalala

Panali munthu wina, mtsikana, dzina lake Lonjezo, amene anapita ku yunivesite kukaphunzira masamu. Kwawo anamulera bwino. Ankadziwa kulandira chinthu ndi manja awiri, ankadziwanso kuti wamkulu akalakwitsa pagulu, mwana amayang'ana pansi.

M'chaka chachiwiri anafika paphunziro limene ophunzira ankaliopa kuposa onse. Kumeneko sikunali kowerengetsera n'kupeza yankho ayi. Kunali kotenga zinthu zimene munthu wakhala akuzikhulupirira chiyambire kupulayimale, n'kuzifunsa kuti, "Tikudziwa bwanji kuti n'zoona?" Anyamata amene ankatchuka ndi masamu kusekondale ankatuluka m'kalasimo atagwira chibwano.

Aphunzitsi ake anali bambo wachikulire, wosakweza mawu, manja otuwa ndi choko nthawi zonse. Tsiku loyamba anati, "M'kalasi muno musakhulupirire kanthu chifukwa choti ndanena ndine. Chilichonse chizibwera ndi umboni wake." Ophunzira onse analemba mawuwo mosamala, n'kuwakhulupirira chifukwa choti anena ndi aphunzitsi.

Lonjezo anali ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, dzina lake Ndaziona. Ameneyu phunziroli anali atalilephera kale kamodzi, ndipo pasukulupo wolephera kawiri ankauzidwa kuti alongedze. Kwawo konse anali woyamba kufika ku yunivesite. Ankawerenga mpaka maso kufiira, koma zinkangolowa kuno n'kutulukira uko.

Tsiku lina aphunzitsi anayamba za kuphatikiza manambala osatha. Anati munthu atenge theka la nzimbe, awonjezere theka la chotsalacho, kenako theka la chotsalanso, osaleka. Ngakhale aphatikize mpaka muyaya, sadzapitirira nzimbe imodzi. Izi anazitsimikiza bwinobwino pabolodi. Kenako pakona pa bolodilo analemba lamulo: ngati zimene ukuphatikizazo zikucheperachepera mpaka kusanduka fumbi, mulu wake uli ndi malire, sungakule kupitirira penapake. Pansi pake sanaikepo umboni. Anangoti, "Ili n'lodziwikiratu," n'kuyang'ana kalasi kanthawi. Zolembera zokha ndi zimene zinkamveka.

Potuluka, Ndaziona anagwira mnzake dzanja. "Mnzanga, lero ndiye ndamva. Chiyambire, chokhachi ndiye chalowa!"

Masana ake Lonjezo analiyesa lamulolo ndi manambala ena, ndipo anapeza kuti silikugwira. Anayesanso, koma zinali chimodzimodzi. Anadzifunsa kuti ndi yani iye, wobwera dzulodzuloli, kuti atsutse munthu amene anayamba kugwira choko iye asanabadwe. Anakumbukiranso nkhope ya Ndaziona, mmene inawalira. Kumuuza kukanakhala kumulanda kanthu kokhako kamene anali nako m'manja.

Choncho anachita zimene timachita tonse tikapeza dzenje panjira. Analilambalala. Funso likafuna lamulo lija, iye ankadzera njira yaitali, n'kukafika bwinobwino. Anzake ankadzera pomwepo. Aphunzitsi nawo ankati akaloza pakona paja, ankayang'ana kalasi kanthawi, kenako n'kupitiriza. Lonjezo ankayang'ana pansi, ndipo mumtima ankati umenewo ndiwo ulemu.

Mayeso anayandikira. M'mawa wina Lonjezo anapeza Ndaziona akuyankha mafunso a zaka zam'mbuyo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Atasuzumira, anaona kuti mayankho atatu onse atsamira palamulo lija. Anamva chisoni, anamvanso manyazi. M'maganizo mwake anaona mnzake atanyamula chikwama pamutu, akutsika basi kwawo, anthu akumufunsa kuti sukulu yatsekera liti.

M'kalasi tsiku limenelo aphunzitsi anati, "Mayeso ndi mkucha. Alipo ali ndi funso?"

Lonjezo anakweza dzanja. Anaimirira. "Pepani aphunzitsi, mwina ndine amene sindikumva. Koma lamulo lili pakonalo likuoneka ngati lili ndi kavuto pang'ono."

"Kavuto pang'ono, kapena n'labodza?"

Wina kumbuyo anatsokomola.

"N'labodza, aphunzitsi."

"Choko ndi ichi."

Anapita kubolodi. Analemba theka, kenako gawo limodzi la magawo atatu, kenako limodzi la magawo anayi, la magawo asanu, n'kumapita choncho. "Awa akucheperachepera ndithu," anatero. "Koma limodzi la magawo atatu ndi limodzi la magawo anayi, pamodzi akupitirira theka. Anayi otsatirawa, pamodzi akupitirira theka. Asanu ndi atatu otsatira, theka linanso. Mathekawa sadzatha. Muike malire pamene mukufuna, mulu udzadutsa."

Aphunzitsi anaona mzere uliwonse mosafulumira. Kenako anatenga chofufutira, n'kufufuta lamulo lija pakona. Anati, "Bodza limeneli ndimalilemba chaka chilichonse, kuti ndione ngati mawu a tsiku loyamba aja anamveka. Lero ndikanalifufuta ndekha, ndipo ndikanapita kunyumba ndili wachisoni."

Lonjezo anapumira m'mwamba. Anatembenuka kuti akakhale pansi, koma aphunzitsi anamufunsa, "Kodi unaona liti kuti n'labodza?"

Bodza silinali m'chizolowezi chake. "Tsiku lomwe lija, aphunzitsi."

"Nanga anzakowa?"

Aphunzitsi anatola mabuku awo n'kutuluka.

Panja, Ndaziona anamudikira pansi pa mtengo. Sanakalipe. Anangoti, "Timagona chipinda chimodzi. Unkandimva ndikuloweza bodza, iwe uli phee?"

"Ndinkaopa kukukhumudwitsa."

"Ukanandikhumudwitsa konkuno, kusiyana n'kukandiperekeza kudepoti."

Lonjezo anakhala pansi pomwepo, n'kutsegula buku. Anayambiranso pachiyambi, awiriwo, ndipo pamzere uliwonse Ndaziona ankaimitsa mnzake n'kufunsa kuti, "Tikudziwa bwanji?" Sankakhulupiriranso kanthu chifukwa choti wanena ndi Lonjezo. Mayeso aja Ndaziona anakhoza, mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Lonjezo anakhoza bwino kwambiri, koma anthu akamamuyamika kuti ndiye anagwira bodza la aphunzitsi, ankasintha nkhani.

Tsopano inu amene mukundimva, sindikuti tisiye ulemu. Ulemu ndi wabwino, ndipo ine ndimaukonda. Koma pali ulemu wina umene ndi mantha chabe, angovala zovala za Lamulungu. Mumaona cholakwika m'mawu a wamkulu, kumpingo, kuntchito, ngakhale pabanja, inu n'kudzipezera kanjira kanu kolambalala. Mumafika bwino, ndipo palibe amene angakuneneni kuti ndinu amwano. Koma kumbuyo kwanu kukubwera wina amene sanaone, ndipo akuyenda mosaopa chifukwa waona kuti inu simunanene kanthu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Pepesani mmene mungathere, yambani ndi "mwina ndine amene sindikumva" ngati mukufuna, koma nenani tsiku lomwe mwaonalo. Ndaziona wanu mwina sadzakhala ndi masiku awiri otsala.