Diso Lotsala la a Dzonzi

Ana inu, mumati “chakudza sichiimba ng'oma” uku mukuseka mnzanu amene mpira wamuomba pamphuno. Koma mwini mawuwa sankaseka powanena. Anali a Dzonzi, mmisiri wosema ng'oma, munthu wa khutu lakuthwa ndi mutu wouma.

Diso lawo lamanzere linafa kalekale, litalasidwa ndi kachibanthu ka mtengo. Tsiku lina podzuka, anapeza lamanja nalonso lachita nkhungu. Njira ankaionabe, koma nkhope ya akazi awo, Nangondo, inali chimbuuzi. Nangondo sanazengereze, anawakokera kuchipatala cha maso kutawuni.

Dokotala, Mayi Chimbalanga, ataunika anati mtsempha wotulutsa magazi m'diso watsekeka. Kenako anawamata tiwaya pachipumi ndi pachikope, n'kuwakhazika m'chipinda cha mdima wa bii kuti diso lizolowere. A Dzonzi, amene ankapisa dzanja m'mphako osaopa njoka, anagwidwa ndi mantha aakulu. Anatambasula dzanja, osaliona. “Kodi khungu limakhala chonchi?” anadzifunsa. Posakhalitsa makina anayamba kuthwanima m'disomo, ng'ani! ng'ani!

“Bambo,” anatero dokotala atayatsa nyali, “inu mukamenya ng'oma mumamvera mmene yayankhira. Ifenso timamenya diso ndi kuwala, ndipo tiwayati timamva kamphamvu ka magetsi komwe diso limayankha nako. Lanuli likuyankha mochedwa, mofooka. Diso lotere limameretsa timitsempha tachabe totseka njira ya madzi a m'diso, mpaka limalimba ngati mwala. Mubwerenso mwezi usanathe, tidzaotche kumbuyo kwake ndi kuwala kwa makina, kuti tisunge kuona kwatsalaku.”

“Kuotcha diso?” anafunsa a Dzonzi. “Bwanji ndibwere likayamba kuwawa?”

“Likayamba kuwawa ndiye kuti tachedwa, bambo.”

Atafika kumudzi, anapeza anyamata a mganda abweretsa chikopa cha ng'ombe, akufuna ng'oma yaikulu ya mpikisano. Mmisiri anachinyika m'madzi msangamsanga, ngati wina akumuthamangitsa. Ntchito ankaigwira ndi zala ndi khutu, maso osafunika kwenikweni.

“Bambo inu, mwezi ukutha,” anatero Nangondo.

“Chikopa chanyowa kale, ndikachisiya chiola.”

“Chikopa tigula china. Diso tikagula kuti?”

“Iwe, diso silikuwawa. Matenda enieni amabwera ndi phokoso. Gule wake uti amene anayamba ng'oma isanalire?”

Zachikopazo zinali zongonamizira. Chimene a Dzonzi ankaopa chinali chipinda chija. Koma mwamuna wamkulu ngati iwo sakanauza mkazi wawo kuti akuopa mdima. M'mawa uliwonse ankatsegula diso pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba, kufufuza kuwala kwa pakhomo. Akakuona ankapuma, nati lero lokha ndapulumuka. Mwezi unatha, wina n'kutsatira.

Tsiku la mpikisano, bwalo linadzaza. Ng'oma yatsopano italira, anthu anaimba nthungululu, ndipo a Dzonzi anakhala pamthunzi chifuwa chili nganganga. Gule ali pakati, china chake chinawabaya m'diso, n'kukwera m'mutu ngati msomali. Anasanza pomwepo. Anayang'ana kubwalo, koma ovina aja ankazimirira mmodzimmodzi.

“Nangondo! Nangondo, uli kuti?”

“Ndili pano, pamaso panu.”

“Sindikukuona.”

Nangondo anagwira chikope cha amuna awo ndi chala. Pansi pake panali polimba ngati mwala, monga ananenera dokotala.

Kuchipatala, Mayi Chimbalanga sanawakalipire. Ululu anauletsa, koma kuona sanathe kukubweza. Mdima umene a Dzonzi anauthawa m'chipinda chija unawatsata kwawo, ndipo uno unalibe woyatsa nyali.

Pobwerera, atagwira paphewa la akazi awo, anamva anyamata akuyeserera mganda patali. Anaima. Anaizindikira ng'oma yawo.

“Ikulira bwino,” anatero, misozi ikutsika. “Ine ndinkadikira kuti matenda andiitane ngati gule. Chakudza sichiimba ng'oma, Nangondo. Chimangofika.”

Anthu anawatola mawuwa, ndipo ndi omwe mumaseweretsa aja. Tanthauzo lake n'lakuti tsoka siliyamba lalengeza kuti ndikubwera. Limakula mwakachetechete, munthu akudya ndi kuseka. Choncho wina amene amaona kuposa inu akakuchenjezani, musadikire ululu kuti umuchitire umboni. Ngati mukuopa, nenani kuti mukuopa, akugwireni dzanja mupite. A Dzonzi akananena kuti akuopa, bwenzi akuionabe njira ya kwawo.