Nangozo ndi Phale la Moto

Kalekale, machesi asanabwere... Iwe Tsalani, khala pansi! Pamphasapo pali minga? Ndayamba kale ine.

Kalekale, machesi asanabwere, moto tinkachita kupalana. Ukadzuka n'kupeza phulusa lili zii, umatenga phale, n'kupita khomo lina. "Odi, ndipaleko moto." Basi.

Ndiye kunali mkazi wina, dzina lake Nangozo. Mwamuna wake anamwalira chaka cha dzombe. Anangomusiyira khasu lakutha, mphika umodzi, ndi kamwana ka kumbuyo, Mwatitha. Koma kunyada! Ine ndimanyada, inde, koma Nangozo ankandiposa.

Mumphika mwakemo masiku ambiri munkawira madzi okhaokha. Ankavundikira bwinobwino kuti anthu aziti akuphika. Tsono wopala moto amalowa mpaka pamafuwa, amaona zonse. Ndiye munthu akangoti odi, mawa lake Nangozo wamanga katundu. Khala lamoto paphale, mwana kumbuyo, mphika pamutu, ulendo!

Mudzi woyamba, "Odi!" Ulendo. Wachiwiri, "Odi!" Ulendo. Wachitatu sanagonemo n'katatu komwe. Mapazi ming'alu yokhayokha, koma iye ayi, bola asandione.

Mudzi wachisanu anamanga kachisakasa kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mayi wina wa diso limodzi, Nachanza.

Kutangocha, Nachanza uja, "Odi kuno! Amake mwana, ndipaleko moto."

Nangozo anathamanga kukaima pakhomo. "Imani pompo! Ndikupatsirani ndine."

Mawa lake, "Odi, ndipaleko moto." Mkuja, "Odi, ndipaleko moto."

"Kodi inu," anatero Nangozo, "moto wanu umazima tsiku ndi tsiku? Ukulu wonsewu simudziwa kukwirira chikuni?"

"Ndine chitsiru, mayi, ndinabadwa choncho," anayankha Nachanza, n'kusiya mbatata ziwiri pakhomo. "Izi zandilemera, ndidzazitenga mawa."

Nangozo anaziyang'ana mbatatazo. "Wandiona ameneyu. Kukacha ndichoke." Anamangiratu katundu.

Koma kunacha ndi mvula yamawawa, yozizira yolowa m'mafupa. Chisakasa chinadontha pamoto penipeni. Phulusa linasanduka phala. Mwatitha akunjenjemera, milomo yachita bii, akulira ngati kamphaka. Nangozo anafukula phulusa ndi zala. Zii! Anauzira. Zii! Anatuluka, analowa, anatulukanso. Anatenga phale. Analisiya. Analitenganso.

"Ine ndikapemphe? Ine?"

Kenaka mwana anasiya kulira.

Pamenepo ndiye anathamanga. Kwa Nachanza sanaodire n'komwe, anangolowa. Akuona chiyani? Nachanza wagwira chikho, akuthira madzi pamoto wake. Tsiii! Khala lomaliza.

"Mayo ine! Mwapenga?"

"Ndimati ndibwere kwanu ndidzapale," anatero Nachanza.

"Mumachita kuzimitsa dala?"

"Nanga ndikanafika bwanji pakhomo panu, nkhope yolusa ngati imeneyo? Kuno timapalana moto kuti tione ngati mnzathu wadzuka. Mphika wanuwo ndinaudziwa tsiku loyamba lomwe. Madzi sanunkhira, mayi. Inenso ndinawaphikapo."

Nangozo anaponya phale pansi, n'kumuonetsa mwanayo. "Wanga wazima. Mwana akundifera."

Nachanza anaponya chikho uko. Analanda mwanayo, kumuika pachifuwa pake penipeni, khungu kukhungu, n'kumanga nsalu. "Tolani phalelo! Tiyeni kwa Nasimango, utsi ukufuka uko!"

Anathamanga m'matope. Wa diso limodzi patsogolo, wonyada pambuyo. Kufika pakhomo, Nachanza anangoima, osaodira.

"Odirani!" anatero Nangozo.

"Odirani ndinu. Pakamwa muli napo, pondinyoza pamatseguka bwinobwino."

Nangozo anasendera pakhomopo. Midzi isanu, mawu amenewa anali asanawatchulepo. "Odi! Odi, amayi! Ndipaleko moto!"

Nasimango anasuzumira, n'kuona kaphazi ka mwana kakulendewera. "Kupala chiyani? Lowani msanga, anthu inu!"

Anasonkhezera nkhuni. Anamutikita mwanayo mapazi. Anamudonthezera phala lofunda pakamwa. Kudikira. Kudikira. Nangozo akungoima, kukhala, kuimanso. Kenaka Mwatitha anayetsemula, n'kulira kulira kwaukali, kogonthetsa m'khutu!

"Amake enieni," anatero Nachanza. "Mwamva pakamwapo?"

Anaseka akazi atatuwo mpaka misozi. Nangozo ankaseka akulira, osabisanso nkhope.

Njala sinathe chaka chimenecho, ndisakunamizeni. Ankadya chisoso chopanda mchere, mphika umodzi anthu atatu. Koma katundu uja Nangozo anamasula, ndipo sanamumangenso. Amati masiku ena m'mawa, ukadutsa kuseri kwa nyumba yake, umamva tsiii! Kenaka uyo, phale kumanja, akupita kwa Nachanza.

Yapsa nthano yanga, ndaphula, yathera pomwepa. Ukabisa mavuto ako, wabisala kwa anthu omwe akanakufunditsa. Wamva, Tsalani? Sonkhezera motowo.