Maikolofoni Imodzi M'shedi ya Fodya

Kalekale, kale lake la dzanadzanali, ku Zomba kunali mayi wina dzina lake Nambewe. Iyeyu anasonkhanitsa gulu la anthu olemba mapulogalamu a makompyuta m'zilankhulo zapakompyuta zosatchuka, zija ena amaziseka kuti sizipezetsa ntchito. Anavutika nalo gululi zaka zinayi, kenako anakonza msonkhano waukulu. Pangano linali lakuti amene atsegule msonkhanowo, chilankhulo chake ndicho chiphunzitsidwe kwa obwera kumene chaka chonse.

Koma anthu ake! Nambewe atati wina aimbe foni kutsimikiza za holo, amisiri ake atatu, Kamwendo, Nasibeko ndi Mponda, anakana. Ati zimenezo n'zachikale, iwo alemba pulogalamu yotumiza kalata payokha. Aliyense analemba chigawo chake m'chilankhulo chake, zigawozo osamvana, kalata osapita. Tsiku litafika anakapeza muholo muli ukwati, perekaniperekani ali mkati. Nambewe anakwiya koopsa, alendo ake ali padzuwa ndi malaputopu awo.

Kamwendo anathamangira kwa amalume ake, nagwada pansi, mpaka anamubwereka shedi ya fodya. Anthu anasesamo, nakhala pa mabelo.

Atakhala pansi m'pamene anaona kuti mulibe magetsi. Nasibeko anakwera kabaza, nakazula sola ndi batire kunyumba kwa amayi ake, amayiwo akumukalipira mpaka kumsewu.

Magetsi atayaka, intaneti inakana kulowa m'shedimo. Mponda anatulutsa kakompyuta kake kakale, kamene anzake ankakaseka tsiku ndi tsiku. Mmenemo anasungamo zida zonse zolembera mapulogalamu m'zilankhulo za atatuwo, ndipo anagawira aliyense popanda intaneti.

Nthawi yotsegula itakwana, atatu aja anaimirira limodzi. Aliyense ati popanda iye msonkhano ukanafera m'mazira, ndipo akapanda kusankhidwa, atuluka m'gulu pamodzi ndi omutsatira ake onse.

Nambewe mtima unamuwawa kwabasi. "Inu nomwe mwatayitsa holo, lero mukufuna ndikuombereni m'manja? Foni imodzi yokha, abale anga, foni imodzi!"

Koma mwa atatuwo palibe amene anakhala pansi. Maikolofoni inali imodzi, m'manja mwa Nambewe, ndipo gulu limene analivutikira zaka zinayi linali pafupi kugawika patatu iye akuona.

Tsono inu mwamva mlanduwu, musangoseka ayi, tandiuzani: Nambewe apereke maikolofoniyo kwa ndani, wopeza denga, wobweretsa magetsi, kapena wosunga zida?