Mmene Mlauzi Anakagonera ku Kasupe

Kalekale, mvula isanayambe kunama, panali mtsinje wotchedwa Nsenjere. Sendera kuno mwanangu, umve bwino. Mtsinjewo unkatuluka pa kasupe pamwamba pa phiri, m'kati mwa nkhalango, n'kutsetsereka mpaka kuchigwa.

Kumtunda kunali anthu. Kumunsi kunalinso anthu. A kumtunda anali ndi mitengo. A kumunsi anali ndi bango basi. Ankaluka mphasa, ankalima timadimba, ankaphikira mapesi. M'mudzi monse munalibe nkhwangwa. Chitsulo chawo chinali chikwakwa.

Kumunsiko kunali mayi wina, dzina lake Nagama. Mwamuna wake anali Mlauzi, mmisiri wa mphasa. Nagama sanali wolankhulalankhula. Anali wa maso. Akadutsa panjira, ankaona zimene anzake adutsa osaziona.

Tsono kumtunda kunadzuka munthu wina, a Chimkwende. Iwowa anaphunzira kuotcha njerwa ndi makala. Anzawo ataona nyumba yawo yofiira, nawonso anatola nkhwangwa. Go! Go! Go! Mibawa inagwa. Go! Go! Go! Misuku inagwa. Utsi unakwera, unakwera, mpaka kumwamba kunatsamwa.

Mvula inasintha khalidwe. Ikati ichedwe, inkachedweratu, mbewu n'kupsera m'nthaka. Ikati ibwere, inkabwera yonse tsiku limodzi, ngati munthu wagubuduza mtsuko. Ndipo paphiri lometedwa madzi alibe pogwira. Amangothamanga.

Chaka choyamba madzi anakokolola madimba a kumunsi. Nagama, ali ndi pakati, anakwera phiri.

"Odi, a Chimkwende. Madzi anu atidyera madimba."

"Madzi anga? Kodi ine ndili ndi khola la mitambo? Mvula ndi ya Chauta, mayi."

Anamupatsa lichero la makala. "Kaphikireni."

"Tikaphike chiyani?" anafunsa Nagama. Koma chitseko chinali chitatsekedwa kale.

Chaka chachiwiri madzi anatenga mbuzi, n'kugwetsa nyumba. Nagama anakweranso phiri, khanda lake Mwatitha lili kumsana.

"Odi, a Chimkwende. Madzi anu atigwetsera nyumba."

"Nanga zabango zija n'nyumba? Mangani zanjerwa. Njerwazo mudzagula kwa ine."

Amuna a pauvuni anafa nacho chiseko. "Achule a kumunsi abweranso kudzalira!"

Nagama anatembenuka. Potsika anaponya maso uku ndi uku. Phiri lonse linali mbee! Koma malo awiri okha anali bii ndi mitengo: pamwamba penipeni, ndi penanso cha m'mbali mwa mudzi wa kumtunda.

Anakhala pamchenga kuti ayamwitse mwana. Apo anaona Nkhanu itagona chagada, miyendo m'mwamba, kutali ndi madzi. Anaitembenuza ndi kamtengo, n'kuiika m'kathawale.

"Zikomo mayi," inatero Nkhanu.

"Kwanu n'kuti, a Nkhanu?"

"Kwathu n'kukasupe. Madzi andikokolola. Phiri lonse ndagubuduzika ngati mwala."

"Panalibe pogwira?"

"Pogwira patsala pawiri. Kukasupe, ndi pamanda a anthu a kumtunda. Pamenepo madzi amadutsa mowerama, ngati mkamwini pakhomo pa apongozi."

Nagama anagwedeza mutu. Malo awiri aja anali atawaona ndi maso ake. Ndipo chifukwa chimene mitengo ya pamanda inatsalira ankachidziwa. Kumanda sikulowa nkhwangwa.

"Koma mayi," inatero Nkhanu, "mitengo ya kukasupe aitema kale zizindikiro. Ikadzagwa imeneyo, kwanuko sikudzatsala ngakhale chulu chothawirapo."

Nagama anayang'ana mwana wake. Anamubereka. Mawuwo anawasunga mumtima.

Chaka chachitatu, tsiku lina kunacha bwinobwino. Dzuwa linali phwee! Amayi anayanika ufa pamphasa. Kumunsi sikunagwe ngakhale dontho. Mvula inagwa kuphiri kokha. Mlauzi anali m'bango, akumweta.

Kenako kunamveka wuuu! ngati mphepo, koma masamba osagwedezeka.

Nagama anamva. Anataya lichero, ananyamula Mwatitha, n'kuthamangira pachulu. "Madzi! Madzi! A Mlauzi, tulukani m'bangomo!"

Madzi anafika ofiira, atasenza zitsa ndi miyala. Anakwera chulu. Anamufika Nagama m'mawondo. Iye anakweza mwana pamutu n'kuima nji. Madzi anadutsa.

Ataphwa, anthu anamupeza Mlauzi m'matope, chikwakwa chikadali m'manja. Munthu amene sanadulepo mtengo chibadwire.

Adzukulu, anthu okumba manda aja, anatenga makasu. Anakumba apa, madzi thoo. Anakumba apo, madzi thoo. Chigwa chonse chinali phala. Akuluakulu anangogwira njakata.

Tsono namfedwa amakhala m'nyumba, nsalu kumutu, osatuluka. Koma Nagama anatuluka.

"Mukulungeni mu mphasa yake. Tikwera naye kumtunda."

"Alamu, mutu wazungulira?" anatero mng'ono wake wa Mlauzi. "Anthu aja amatitcha achule."

"Achulewo lero akwera phiri. Nyamulani."

Ananyamula machira. Nagama patsogolo, Mwatitha kumsana. Anakwera akuimba:

Mlauzi akukwera, ee,
Kumene madzi anatsikira.
Bango lake latsala, ee,
Akukapempha pogona.

Tsiku limenelo amuna a kumtunda anali pabwalo, akunola nkhwangwa. Ulendo wawo unali wa kukasupe. Atamva nyimbo ya maliro, anaika nkhwangwa pansi. Anavula zipewa. Maliro akamadutsa ntchito imaima.

"Odi, a Chimkwende. Madzi anu anditengera mwamuna. Kwathu kulibe nthaka youma. Tipatseni malo."

Ulendo uno palibe anaseka. Masiku amenewo munthu sankabweza maliro. Koma a Chimkwende sanafune kuti munthu wa kumunsi agone pafupi ndi makolo awo. Anakanda mutu. Anakumbukira mwambo wina.

"Pepani mayi, pepani ndithu. Koma mwambo mukuudziwa. Wofera m'madzi salowa m'manda a pamudzi. Amagona m'mbali mwa madzi amene anamutengawo."

"Mwanena ndinu, bambo?"

"Ndanena ndine."

"Anthu amva?"

"Tamva," anayankha a Katengeza. Iwowa anali mkulu wa adzukulu a kumtunda, bambo wa nthabwala. Paja mdzukulu pamaliro amanena zimene wafuna, ndipo palibe womuletsa. "Tiyeni anyamata, tengani makasu. Mlendo asagone panja."

Anatsata mtsinje chokwera. Anafika pena. Khasu linangoti ngwee! pathanthwe. Dothi lonse linapita kale ndi madzi.

"Apa tiike munthu kapena tinolepo makasu?" anatero a Katengeza.

"Tiyeni patsogolo," anatero Nagama.

Anafika penanso. Atangokumba pang'ono, gombe linagumuka, gumu! A Katengeza anatsala pang'ono kugwera m'chigwembe.

"Mayi, mukufuna maliro awiri tsiku limodzi?"

"Tiyeni patsogolo," anatero Nagama.

Anakwera, anakwera. Dzuwa linawawotcha, chifukwa panjira panalibe mthunzi. Mwatitha analira ludzu. Onyamula machira anasinthana mapewa. Kenako anangomva kuzizira pankhope. Anali atalowa m'nkhalango ya kukasupe. Madzi ankatuluka pansi pa mizu, oyera, mwakachetechete. Pamtengo uliwonse panali bala la nkhwangwa.

Nagama anaima. "Yesani apa."

Khasu linalowa ngati mu ufa. Dothi lakuda, lakuya, losagumuka.

A Chimkwende anafika akupuma wefuwefu. "Iyayi! Apo ayi! Mitengo iyi ndaiika kale zizindikiro. Uvuni ukudikira nkhuni!"

A Katengeza anasuzumira ali m'dzenje. "Achimwene, muno ndi m'mbali mwa madzi kapena ayi?"

"Ndi m'mbali mwa madzi, koma..."

"Madzi amene anamutenga anachokera kuti? Kunyanja?"

A Katengeza anapitiriza.

"Mwambo munautchula nokha, ife tinangomva. Kapena mukukayika dzenjeli? Tsikani mugonemo, tikuyezeni."

Anthu anabisa chiseko m'manja. A Chimkwende anabwerera m'mbuyo.

Mlauzi anaikidwa pansi pa mbawa waukulu, mu mphasa yoluka yekha. Dothi litakwiriridwa, malo aja anasanduka manda. Nkhalango yonse ya kukasupe inasanduka manda. Amuna aja anayang'ana mitengo, anayang'anizana okhaokha. Aliyense anadziwa kuti nkhwangwa yake siidzalowanso mmenemo.

Tsono inafika nthawi ya chipepeso. A Chimkwende anatumiza munthu kukakoka mbuzi. Anaiimika pamaso pa Nagama.

"Landirani mayi. Tipepese."

"Mbuziyo madzi adzaitenga, monga anatengera zinzake."

"Nanga tikupatseni chiyani?"

"Maenje."

"Maenje?"

"Maenje, bambo. Aliyense amene anagwirapo nkhwangwa akumbe m'mbali mwa mtsinje, kuyambira pano mpaka kwathu. Mbande zili mbwee pamanda a mwamuna wanga, ndizizula ndine. Ife a kumunsi tapereka kale. Tinapereka madimba. Tinapereka nyumba. Lero tapereka uyu wagona apayu. Watsala ali kumsanayu. Ameneyu sindipereka."

Ngakhale a Katengeza analibe nthabwala.

Mwatitha anasuzumira paphewa pa amake. Ankangoyang'ana anthuwo mmodzimmodzi, chala chili m'kamwa.

Mkazi wa a Chimkwende, a Nankhoma, anaimirira. Anamanga chitenje chawo m'chiuno. Analanda khasu m'manja mwa mdzukulu.

"Bambo a kunyumba, mwanayu akutiyang'ana."

Anatsikira m'mbali mwa mtsinje. Anakumba dzenje loyamba. Nagama anazula kambande, anagwada, n'kukadzala. Amayi ena anatsatira. Amuna anatsatira. A Chimkwende anaima nthawi yaitali, chingwe cha mbuzi chili m'manja. Kenako anachipereka kwa wina.

"Katengeza, bwereke khasu."

"Mumalidziwa kogwira, achimwene? Si nkhwangwatu iyi."

Anakumba. Manja anatuluka matuza, koma anakumba.

Usaganize kuti mvula inachira tsiku lomwelo, mwanangu. Ayi. Kumwamba kukatsamwa sikuchira msanga. Mvula inapitiriza kuchedwa. Mbande zina zinauma, zina mbuzi zinadya. Nagama ankakwera phiri kukasesa pamanda, ndipo potsika dengu linkakhala lodzaza ndi mbande. Pamene pauma, ankadzalanso. Pamene wina wazemba, ankaima pakhomo pake n'kuti, "Odi." Ankangotero basi. Munthuyo ankatola khasu yekha.

Dzinja lotsatira madzi anabweranso. Anafika patsinde pa chulu, n'kubwerera. Linzakelo anathera m'bango. Mitengo itakula, madzi anayamba kutsika mowerama, kuchokera kukasupe mpaka kuchigwa. Nkhanu ija inayenda chammbali, chammbali, mizu ndi mizu, mpaka inakafika kwawo.

Mwatitha anakula. Anatenga chikwakwa cha abambo ake. Analuka mphasa, ndipo anthu a kumtunda ankatsika kudzazifuna. Dzina lija la achule linaiwalika.

Waona mwanangu? Amene anadula mitengo anagona m'nyumba zouma. Amene analibe nkhwangwa ndiwo anamira. Zimatero mpaka lero: wowononga amakhala kumtunda, wolira amakhala kumunsi. Ndiye iwe ukadzakhala kumtunda, uzidzafunsa kuti madzi ako akugwera ndani. Ukadzakhala kumunsi, usadzalire chogwada. Udzatsegule maso ngati Nagama, ukwere phiri, ukaime pakhomo pawo, unene kuti, "Odi." Akatseka chitseko, udzapitenso.

Nthano yanga yathera pomwepo, pamizu ya mbawa wa Mlauzi.