Ng'oma Zitatu, Mwini Mmodzi

Kalekale, ana inu, misewu isanalambulidwe, kunali dziko la mapiri atatu. Phiri lililonse linali ndi ng'oma yake ndi woyimba wake. Nkhani zonse zinkamveka ndi ng'omazo: maliro, dzombe, akuba. Woyimba wina akanama, mnzake wa phiri lina ankamutsutsa, ndipo anthu ankaweruza okha.

Chaka chilichonse akakolola, anthuwo ankasankha wosunga nkhokwe ya dziko, yodzawapulumutsa pa njala. Wokhulupirika ankamubwezera pampando. Wakuba ankamuchotsa.

Woyimba wa phiri lapakati anali Dzoole. Tsiku lina kwa iye kunafika wamalonda wolemera, mlamu wake wa wosunga nkhokwe.

"Bambo Dzoole, ndigulitseni ng'omayi. Nawu mchere."

"Iyayi, ndi ya anthu."

Anabweranso ndi nsalu. Dzoole anakana. Kachitatu anabwera ndi ng'ombe ziwiri zamkaka. Dzoole anaziyang'ana nthawi yaitali.

Mkazi wake Nangondo anati, "Bambo, musatero. Chikadzaoneka choipa, mudzauza anthu ndi chiyani?"

"Mapiri enawo ng'oma zilipo," anatero Dzoole. "Yanga yokhayi siingagwetse dziko."

Ndipo anapereka. Sanadziwe kuti oyimba anzake awiri aja anali atagulitsa kale, aliyense akudalira kuti enawo atsala.

Tsono wamalonda anaika antchito ake pa mapiri onse. Ng'oma zinkalira mokoma kuposa kale, za magule ndi za maukwati. Anthu anakondwa.

M'mawa wina, Dzoole akudyetsa ng'ombe kudambo, anaona amtengatenga atasenza madengu a mapira. Ankachokera kunkhokwe, kulunjika kumsika wa dziko lina. Anathamangira kuphiri lake.

"Imbani! Nkhokwe ikubedwa!"

"Mwini ng'oma sanatitume zimenezo," anayankha wantchito.

Anapita kuphiri lachiwiri. Yankho linali lomwelo. Kuphiri lachitatu anafika mapazi atatupa, ndipo anapeza ng'oma ikulira kale: "Nkhokwe yadzaza! Dzoole wapenga!" Zina ziwirizo zinavomera.

Dzoole anayenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu. Anthu ankamumvera chisoni. "Pepani, bambo. Ng'oma zitatu zinganame zonse?"

Tsiku losankha litafika, anamubwezera pampando wosunga nkhokwe uja, akululutira.

Chaka chimenecho mvula inakana. Anthu atatsegula nkhokwe, anapezamo mankhusu ndi anankafumbwe. Wamalonda ndi mlamu wake anali atawoloka kale mtsinje. Dzoole anapha ng'ombe zake n'kugawira anthu, koma nyamayo siinathe sabata. Ana anayamba kufa.

Kumanda, mayi wina amene ankaika mwana wake anamugwira Dzoole pamkono.

"Inu munaona ndi maso. Bwanji simunatichenjeze?"

"Ndinanena, mayi."

"Munanena ndi pakamwa. Ng'oma yanu inali kuti?"

Dzoole anazyolika. Nangondo anamugwira dzanja, ndipo anabwerera kwawo.

Tsono imvani, ana inu. Zouzira anthu nkhani zikagwera m'manja mwa munthu mmodzi, anthu amasankha atsogoleri ali m'chimbulimbuli. Ndipo musamati, "Yanga yokhayi ilibe kanthu, ena atsala." Enawo akunenanso chimodzimodzi.

Nthano yanga yathera pamenepo, yotsalayo musenze ndinu.