Tsiku Limene Nyani Anakhalira Utsi

Padangokhala, ana inu, kale Nyani akadali ndi ubweya thupi lonse, ndi kumbuyo komwe.

Chaka china mvula inakana. Nyama zitasonkhana, Njovu anati, "Utsi wathu womwewu watenthetsa dziko, mitengo nayo tamaliza. Kuyambira lero makala ayi. Mafuwa tisiye, aliyense aumbe mbaula yadothi, ija imapsetsa nyemba ndi tinkhuni titatu."

Woomba m'manja kwambiri anali Nyani. "Wootcha makala ndidzamugwira ndine!" Basi anamusankha kukhala mlonda wa nkhalango.

Utsi unachepadi, zitsa zinayamba kuphukira. Koma Nyani dyera! Anagwetsa mitengo ya tsanya kuseri kwa phiri, nkuunjika, nkukwirira ndi dothi, nkuyatsa. Pamwamba anasiya kabowo kotulukira utsi.

Posakhalitsa anamva mapazi. Njovu, Mbawala ndi Kamba ankabwera kudzaona mphukira. Nyani jowu! nkukhala pakabowo paja.

"A Nyani, mwakhala pa chiyani?" anafunsa Njovu.

"Pachulu, akuluakulu. Pano ndimaona nkhalango yonse."

Tsono mwambo mukuudziwa, moni sapereka mwachigulu. Njovu anapereka wake. Mbawala wake. Nyani thukuta kamukamu. Kenako inafika nthawi ya Kamba, uja sathamangira mawu.

"Muli bwanji, a Nyani?"

"Ndili bwino, kaya inu. Pitani bwino!"

"Nanga mayi kunyumba?"

"Ali bwino. Pitani bwino!"

"Mwana wanu wamkulu uja chifuwa chinatha?"

"Chinatha! Pitani bwinotu!"

"Nanga apongozi, mwendo uja?"

Mbawala ananunkhiza. "Kodi wina akuwaula mbewa?"

"Mayo ine!" Nyani anadumpha, utsi tolo! kuloza kumwamba.

Palibe anamukalipira, ndipo bola akanamukalipira. Njovu anangoyang'ana zitsa zatsopano, nkuyang'ana Nyani. Kamba anati chapansipansi, "Juni yense ana athu aotha tinkhuni titatu, akunjenjemera. Timawauza kuti apirire, a Nyani akutisungira nkhalango."

Manyazi amene anamugwira Nyani, ine ndemwe ndikamanena ndimachita nawo manyazi. Manja awiri okha, anasowa pophimba, kumaso kapena kumbuyo.

Ulonda unathera pomwepo. Pamene anapsa paja ubweya sunamerenso, mpaka zidzukulu zake zikuyenda nacho chipseracho, pofiira poonekera kwa aliyense.

Yathera apa, ana inu: lamulo limene waliombera m'manja pagulu ulisungenso kuseri kwa phiri, chifukwa utsi saukhalira.